Wopulumutsa Ndi Amene Ali Pafupi: Mmene Mzinda wa Vancouver Walimbanirana ndi Imfa za Mankhwala a Opioid

Munthu amene wadzibaya heroin wopitirira muyeso sagwa n'kufa nthawi yomweyo monga ambiri amaganizira. Amayamba ndi kuwodzera, mutu n'kugwera pachifuwa, kupuma n'kumachedwerachedwera. Mankhwala a m'gulu la opioid, monga morphine, codeine, tramadol, heroin ndi fentanyl, amakakamira pa timalo tina ta mu ubongo n'kuziziritsa ululu, ndiye chifukwa chake achipatala amawadalira kwambiri pothandiza odwala khansa ndi ochitidwa opaleshoni. Koma timalo tomweto tiliponso pa mbali ya ubongo imene imayendetsa kupuma ngakhale munthu ali m'tulo. Mankhwalawo akachuluka, thupi limaiwala kukoka mpweya. Milomo ndi zikhadabo zimatuwa, timiana ta m'maso timachepetsetsa, munthu amaliza mkonono wachilendo, ndipo ngakhale mumugwedeze chotani sadzuka. Ubongo ukakhala mphindi zowerengeka wopanda okosijeni umayamba kuwonongeka. Ndi heroin, zonsezi zimatha kutenga nthawi ndithu, mwina ola lathunthu. Ndi fentanyl, amene mphamvu yake imaposa ya heroin pafupifupi ka 50, zimatheka m'mphindi zochepa chabe, nthawi zina jakisoni akadali pamkono.

Pa mphindi zimenezi ndi pamene pagona nkhani yonse. Ngakhale mzinda utakhala ndi zipatala zapamwamba ndi ma ambulansi othamanga, dokotala sakhala woyamba kufika. Woyamba ndi mnzake amene amasuta naye, mkazi wake, mlonda wa pa nyumba ya lendi, wosesa m'chimbudzi cha pa siteshoni. Nyumba yaudzu ikagwira moto, amaipulumutsa ndi anansi okhala ndi zidebe, pakuti galimoto yozimitsa moto imafika denga litagwa kale. Mfundo imene ndikuikira kumbuyo ndi imeneyi: mzinda umene ukufunadi kuchepetsa imfazi uyenera kuika zida, luso ndi chilolezo cha lamulo m'manja mwa anthu a pafupiwo, kuphatikizapo ogwiritsa ntchito mankhwalawo eni ake, ndiponso kulimbana ndi chilichonse chimene chimachititsa munthu kukabisala yekha posuta kapena podzibaya. Si mfundo yokoma kwa aliyense, ndipo otsutsana nayo ali ndi zifukwa zoyenera kuzimvetsera.

Chida chachikulu pa ntchitoyi ndi naloxone, mankhwala amene anavomerezedwa ku United States m'chaka cha 1971. Akalowa m'thupi amakankha opioid uja pa timalo ta mu ubongo n'kukhalapo iye, ndipo pakangopita mphindi ziwiri kapena zitatu munthu amayambiranso kupuma. Salezeretsa, sayambitsa chibaba, ndipo mukam'patsa munthu amene wakomoka ndi vuto lina samupweteka. Amaperekedwa ndi jakisoni wa pantchafu kapena paphewa, kapenanso pofayira m'mphuno, moti aliyense akhoza kuphunzira kaperekedwe kake pa nthawi yochepa. Chofooka chake n'chakuti mphamvu yake imatha pakati pa mphindi 30 ndi 90, pamene ma opioid ena amakhalitsa m'magazi, choncho wotsitsimukayo akhoza kukomokanso ngati wasiyidwa yekha. Komanso amadzuka ali wodwala: thukuta, nseru, kuphwanya m'thupi, nthawi zina ukali. N'zodabwitsa kuti kwa zaka zoposa 20 mankhwala osavuta chotere ankangosungidwa m'zipatala ndi m'ma ambulansi, kutali ndi malo amene anthu ankafera.

Anayamba kuwatulutsa m'makabatiwo ndi anthu wamba. M'chaka cha 1996, bungwe laling'ono la mumzinda wa Chicago lotchedwa Chicago Recovery Alliance, lotsogoleredwa ndi Dan Bigg, linataya mmodzi mwa anthu amene analiyambitsa chifukwa cha heroin, ndipo linayamba kugawa naloxone kwa odzibaya mankhwala kuti azipulumutsana okhaokha. Ambiri pa nthawiyo ankaona ngati misala. Koma nthambi ya boma la United States yoona za matenda ya CDC itawerengetsera m'chaka cha 2015, inapeza kuti kuchokera mu 1996 kufika mu 2014 magulu otere anali atagawa naloxone kwa anthu wamba oposa 150,000, ndipo analandira malipoti a anthu oposa 26,000 amene anatsitsimutsidwa. Chofunika kuchigwira bwino n'chakuti pa anthu 10 alionse opulumutsidwa, pafupifupi 8 anapulumutsidwa ndi anzawo ogwiritsanso ntchito mankhwala. Anthu amene dziko limawaona ngati otayika, osadalirika, ndi amene anagwira ntchito yaikulu, pa chifukwa chosavuta kumva: ndi amene amakhalapo pamene tsoka likugwa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza zimenezi mu 2014 pamene linalangiza kuti aliyense amene angadzaone munthu akukomoka ndi ma opioid azikhala ndi naloxone ndipo aziphunzitsidwa kaperekedwe kake.

Mzinda umene wayenda ulendowu mpaka patali, n'kukumana ndi zokoma ndi zowawa zomwe, ndi Vancouver, kumadzulo kwa dziko la Canada, m'chigawo cha British Columbia. Pakati penipeni pa mzinda wolemerawu pali dera losauka la Downtown Eastside, lodzaza ndi mahotela akale amene anasanduka zipinda za lendi za anthu ovutika, kuphatikizapo ambiri a mitundu ya eni nthaka a dzikolo. M'zaka za m'ma 1990 deralo linagwidwa ndi miliri iwiri pa kamodzi: imfa za heroin ndi kachilombo ka HIV kofala pobwerekana majakisoni. Mu 1997 akuluakulu a zaumoyo analengeza kuti deralo lili pangozi, ndipo chaka chomwecho anthu a m'deralo anazika mitanda 1,000 pa bwalo la Oppenheimer Park pokumbukira anzawo amene anafa. Mwa amene ankatsogolera munali mayi wina wolimbikira za anthu osauka, Ann Livingston, ndi mlakatuli Bud Osborn, amene nayenso anavutikapo ndi heroin. Kuchokera m'misonkhano yawo munabadwa bungwe la VANDU, la anthu ogwiritsa ntchito mankhwala eni ake. Linkayendera tinjira ta kuseri kwa nyumba usiku, kugawa majakisoni atsopano, ndi kukakamiza khonsolo ya mzinda kuti imve mawu a anthu amene inkangowatumizira apolisi.

Kukakamizako kunabala Insite, nyumba imene inatsegulidwa mu Seputembala 2003 pa msewu wa East Hastings, yoyamba mu North America yense yolola anthu kudzibaya mankhwala anamwino akuyang'anira, lamulo likuvomereza. Lingaliroli silinali lachilendo kwenikweni, pakuti mzinda wa Bern ku Switzerland unayamba mu 1986 ndipo Sydney ku Australia anatsegula malo ake mu 2001. Mmene zimayendera n'zosavuta. Munthu amabwera ndi mankhwala ake, pamalopo sagulitsa chilichonse. Amapatsidwa jakisoni watsopano ndi madzi aukhondo, amakhala pa kagome koyang'anizana ndi galasi kuti namwino azimuona, ndipo akayamba kufooka amam'thamangira ndi okosijeni, naloxone n'kubwera ngati pafunika. Kuyambira mu 2007, pamwamba pa nyumba yomweyo pali malo otchedwa Onsite, a anthu amene atsimikiza mtima kuti asiye. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2011 anaonetsa kuti Insite atatsegulidwa, imfa za mankhwala m'dera la mamita 500 kuzungulira nyumbayo zinatsika ndi 35 peresenti, pamene m'mbali zina za mzindawo zinatsika ndi 9 peresenti yokha. Boma la Canada lotsogoleredwa ndi Stephen Harper linafuna kutseka malowo, koma mu Seputembala 2011 oweruza onse a khoti lalikulu kwambiri la Canada anagwirizana kuti kutero kukanaika pachiswe moyo wa anthu amene malamulo a dzikolo amawateteza monga nzika zina zonse. Pofika nthawi ya chigamulocho panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anafera m'nyumbayo.

Kenako kunabwera fentanyl wopangidwa mozemba, wotsika mtengo, wosavuta kubisa, amene ogulitsa anayamba kusakaniza mu heroin ndi m'mapiritsi achinyengo. Wogula sadziwa mphamvu ya chimene wagula, ndipo timamiligalamu tiwiri tokha tikhoza kupha munthu wosazolowera. Mu Epulo 2016 chigawo cha British Columbia chinalengeza kuti imfazi zafika pa mliri. Nyumba imodzi ya Insite sikanakwanira; anthu ankatopa kudikira pamzere n'kukagwera kuseri. Mu Seputembala chaka chomwecho, Sarah Blyth, Ann Livingston ndi anzawo anangokhoma tenti m'kanjira ka kuseri kwa msika wa m'deralo, n'kuikamo matebulo, mipando ndi naloxone, osapempha chilolezo kwa wina aliyense. Ogwira ntchito pa tentipo ambiri anali ogwiritsa ntchito mankhwala omwewo, odziwa nkhope ndi mayina a obwera. Pofika Disembala, nduna ya zaumoyo ya chigawocho inalamula kuti malo otere atsegulidwe kulikonse kumene akufunika. Kawiri konse, mu 2003 ndi mu 2016, boma linachita kutsatira pambuyo pa anthu a m'dera, ndipo ndikuona kuti umu ndi mmene nkhaniyi yayendera pafupifupi kulikonse. Ku Glasgow, m'dziko la Scotland, Peter Krykant anayamba ndi galimoto yake mu 2020, ndipo malo ovomerezeka a The Thistle anatsegulidwa mu Januwale 2025. Ku New York malo awiri a bungwe la OnPoint anayamba mu Novembala 2021.

Chotsutsa choyamba chimene munthu aliyense woganiza bwino amafunsa n'chakuti: kodi kupatsa munthu jakisoni, mpando ndi mankhwala omudzutsa si kumuuza kuti apitirize? Funsoli limachokera pa chikondi, makamaka kwa makolo amene akufuna mwana wawo asiye, osati asute mosamala. Koma limaganizira kuti kuopa imfa n'kumene kumaletsa munthu wachibaba, pamene zoona zake n'zakuti anthuwa aika maliro a anzawo ambirimbiri ndipo m'mawa mwake amadzibayabe, chifukwa thupi lozolowera opioid likasowa limadwala moopsa ndipo maganizo onse amathera pa kuthetsa kudwalako. Komanso palibe amene amalakalaka kudzutsidwa ndi naloxone, pakuti amam'ponya munthu m'kudwala komweko kumene amakuthawa. Ofufuza amene anatsatira anthu opita ku Insite sanapeze kuti malowo anakopa anthu atsopano kuyamba kudzibaya. Anapeza kuti opitako kawirikawiri ankalowa msanga m'chithandizo chosiyira mankhwala, ndipo kubwerekana majakisoni kunachepa. Zimenezi n'zomveka. Munthu amene kwa zaka zambiri aliyense wovala yunifolomu amam'thamangitsa, akapeza namwino womulonjera ndi dzina lake n'kumutsuka bala, tsiku lina amatha kufunsa kuti, kodi pamwambapa pali malo?

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kwambiri, ndipo sichiyenera kuzembedwa. Ngati njirazi zimagwira ntchito, bwanji anthu ku British Columbia anapitiriza kufa mochuluka chonchi? Mu 2016 anafa pafupifupi 1,000, ndipo mu 2023 anapitirira 2,500, kutanthauza anthu pafupifupi 7 tsiku lililonse. Yankho loyamba n'lakuti chiphe chimene chinali pamsika chinasinthiratu, choncho funso loyenera ndi lakuti akanafa angati pakanapanda njirazi. Akatswiri amene anawerengetsera zimenezi mu kafukufuku wa mu 2019 anapeza kuti pakati pa Epulo 2016 ndi Disembala 2017 imfa zoposa 3,000 zinapewedwa, ndipo pafupifupi theka la zimenezi zinapewedwa ndi naloxone wa m'matumba mwa anthu wamba. Chiwerengerochi n'chongoyerekeza mwa masamu, koma chikugwirizana ndi zimene zinachitika pambuyo pake. Imfa zinatsika kuchoka pa 1,500 ndi kuposa mu 2018 kufika pafupifupi 1,000 mu 2019. Mliri wa Covid-19 utabwera mu 2020, anthu n'kuuzidwa kuti azikhala motalikirana, malo ena n'kuchepetsa olowa, mankhwala a pamsika n'kuipiraipira, imfa zinakwera kupitirira 1,700. Yankho lachiwiri lili m'malipoti a ofesi yofufuza zimene zapha anthu m'chigawocho, amene chaka ndi chaka amanena chinthu chimodzimodzi: ambiri safera mumsewu. Amafera m'nyumba, m'chipinda chotseka, ndipo ambiri mwa iwo ndi amuna a msinkhu wogwira ntchito, ena amisiri a zomangamanga amene anayamba ndi mapiritsi a ululu wa msana. Naloxone ali m'kabati sapulumutsa munthu amene ali yekha, popeza wokomoka sangadzibaye. Imfa zambiri zikuchitika kumene dzanja la mnansi silinafike, ndipo chimene chimatseka chitsekocho ndi manyazi ndi mantha.

N'chifukwa chake lamulo ndi mbali ya ntchitoyi. Kwa nthawi yaitali anthu ankaopa kuimbira ambulansi poganiza kuti ibwera ndi apolisi, moti ena ankangokokera mnzawo panja n'kuthawa. Mu 2017 dziko la Canada linakhazikitsa lamulo loteteza woimba foniyo ndi wokomokayo kuti asamangidwe chifukwa chopezeka ndi mankhwala ochepa a iwo eni. Palinso manambala a foni amene munthu wosuta yekha amaimba, wina n'kukhala naye pa foni mpaka ngozi itadutsa, n'kuitana thandizo akasiya kuyankha. Pali timapepala toyezera ngati mankhwala ali ndi fentanyl. Zonsezi cholinga chake n'chimodzi, kuti pakhale munthu wachiwiri.

Chotsutsa chachitatu chimachokera kwa anansi ena, ndipo nawonso ndi anthu a m'dera. Mwini golosale amene amapeza munthu atagona pakhomo m'mawa uliwonse, mayi amene mwana wake watola jakisoni pa bwalo la masewera, sakunama ndipo si ouma mtima. Chigawo cha British Columbia chinaphunzira zimenezi mowawa. Pa 31 Januwale 2023 chinasiya kumanga akuluakulu opezeka ndi mankhwala osapitirira magalamu 2.5, koma madandaulo a kusuta m'mapaki, m'mabasi ndi m'zipatala anachuluka, ndipo mu Meyi 2024 apolisi anabwezeredwa mphamvu zoletsa kusuta pagulu. Chigawo cha Oregon ku United States nacho chinabweza lamulo lofanana nalo chaka chomwecho. Ndikuona kuti apa olimbikitsa njirazi analakwitsa popeputsa madandaulo a anansi. Komabe tisasakanize zinthu ziwiri. Kulekerera kusuta paliponse n'kosiyana ndi kutsegula chipinda choyang'aniridwa, chimene kwenikweni chimachotsa anthu mumsewu. Kafukufuku wa ku Insite anaonetsa kuti kudzibaya poyera ndi majakisoni otayidwa pansi zinachepa m'misewu yoyandikana nayo. Ndipo zambiri zimene zimaoneka ku East Hastings ndi umphawi ndi kusowa pokhala mumzinda umene lendi yake ndi yokwera moopsa. Mutatseka Insite lero, anthu aja sangasowe. Angabwerere kuseri kwa nyumba kumene ankafera.

Otsiriza ndi amene amati ndalamazi zikanapita ku chithandizo chosiyitsa. Iwowa akulondola pa chinthu chachikulu: kudzutsa munthu lero, mawa n'kumudzutsanso, popanda khomo lotulukira, si chipambano, ndipo amene wakhala nthawi yaitali osapuma amatha kudzuka ubongo utavulala kwa moyo wonse. Chithandizo chodalirika chilipo. Methadone ndi buprenorphine, mankhwala amene amathetsa chibaba osam'gwetsa munthu, amachepetsa ngozi ya imfa ndi theka kapena kuposa kwa amene akuwalandira. Koma kusiya sikuchitika kamodzi n'kutha. Ambiri amasiya, kubwerera, n'kusiyanso, ndipo nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene munthu wakhala masabata osasuta, thupi laiwala, iye n'kutenga muyeso wake wakale. Kafukufuku wa mu 2007 wa akaidi otuluka m'ndende za chigawo cha Washington ku United States anapeza kuti m'masabata awiri oyambirira ngozi yawo yofa ndi mankhwala inaposa ya anthu ena ka 129. Choncho amene akuyesetsa kusiya ndi amenenso akufunikira kwambiri naloxone m'thumba la m'bale wawo. Dziko la Scotland linaona zimenezi ndipo kuyambira mu 2011 limapereka naloxone kwa akaidi pa tsiku lotuluka. Njira ziwirizi sizilimbirana munthu. Yoyamba imam'sunga wamoyo kuti yachiwiri idzam'peze.

Pali mtengo wina umene sutchulidwa kawirikawiri, ndipo umandikhudza kuposa zotsutsa zonsezi. Kunena kuti anthu a m'dera apulumutsane n'kosavuta, koma katunduyo amagwera anthu osauka kwambiri mumzinda. Ogwira ntchito m'matenti ndi m'zipinda zija atsitsimutsa anzawo kambirimbiri, ena n'kuwafera m'manja, ndipo kwa zaka zambiri ankalandira kangachepe poyerekeza ndi anamwino ogwira nawo ntchito yomweyo. Ntchito yawo yavutiraponso chifukwa ogulitsa tsopano amasakaniza fentanyl ndi mankhwala ena ogonetsa, monga xylazine wa ziweto, amene naloxone sawakhudza, moti wopulumutsa amayenera kupumira mnzake mpweya ndi kumulondera nthawi yaitali. Boma limene likudalira anthuwa liyenera kuwalipira monga antchito a zaumoyo, kuwapatsa uphungu pa zimene maso awo aona, ndi kuwaika pa tebulo lopangira ziganizo.

Nkhaniyi siili kutali ndi ife monga ikuonekera. Heroin wochokera ku Afghanistan wakhala akudutsa m'gombe la kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo Mozambique, pa ulendo wa ku South Africa ndi ku Europe, ndipo kulikonse kumene wadutsa amasiyako wina. Nyaope amene wasakaza achinyamata m'makomboni a ku Johannesburg ndi Pretoria, kumene abale athu ambiri amakhala ndi kugwira ntchito, mtima wake ndi heroin. Dziko la Tanzania linatsegula kiliniki ya methadone pa chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam mu 2011, ndipo ku Pretoria khonsolo ya Tshwane pamodzi ndi yunivesite ya mumzindawo anayambitsa mu 2016 ntchito ya COSUP, imene imapereka methadone ndi majakisoni atsopano m'madera momwemo mothandizidwa ndi anthu amene anadutsamo m'vutoli. Kwathu kuno kusamala n'kofunika mbali ziwiri, pakuti odwala khansa ambiri amavutikabe kupeza morphine wowaziziritsa ululu, ndipo mantha a ma opioid asakhale chifukwa chowamana. Koma naloxone ali kale pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse, wa jakisoni sadula, ndipo achipatala athu amam'dziwa pa ntchito ya opaleshoni. Chimene chatsala kukambirana, heroin asanazike mizu m'matauni athu, n'chakuti lamulo lidzalole ndani kumunyamula kunja kwa mpanda wa chipatala, ndiponso ngati mnyamata woimbira thandizo mnzake wokomoka adzagone kwawo usiku umenewo kapena m'chitokosi cha apolisi.